Ascension ya John Coltrane pa mbale: Edition I kapena Edition II?

Mkokomo95

Moni nonse akuluakulu. Funso langa lili pa Ascension, chimbale cha John Coltrane, woimba jazz pa sakisofoni wa ku America, chotulutsidwa ndi kampani ya Impulse!, nambala A-95 pa mono ndi AS-95 pa stereo. Ogulitsa ambiri akangoona lebulo ya olenji ndi yakuda amathamangira kulemba kuti mbaleyo ndi yoyambirira, chonsecho pa nambala imodzimodziyo panatuluka matepi awiri osiyana, Edition I ndi Edition II. Kodi munthu amene wagwira mbale m'manja, kapena amene akungoona zithunzi za wogulitsa, angadziwe bwanji kuti ndi iti? Nanga lebulo payokha imatiuza chiyani za chaka chimene mbale inadindidwa?

China ndi phokoso. Nyimbo iyi ndi yodzaza kale, zoimbira zouzira 7 zikulira nthawi imodzi, ena akuchita kusasitsa mawu mwadala. Mbale ikamamveka mosasa, tingasiyanitse bwanji kusasa kwa woimba ndi kutha kwa mizere? Amene mukuidziwa bwino mbale imeneyi, tithandizeni.

SinganoYakuthwa

A Mkokomo95, tiyambe ndi tsiku lojambula, chifukwa chisokonezo chonse chinabadwira pamenepo.

Pa 28 June 1965 Coltrane analowa mu situdiyo ya Rudy Van Gelder ku Englewood Cliffs, New Jersey, ali ndi anzake 10. Pa sakisofoni ya tenor panali iye mwini, Pharoah Sanders ndi Archie Shepp. Pa alto panali Marion Brown ndi John Tchicai. Malipenga anali ndi Freddie Hubbard ndi Dewey Johnson, piyano McCoy Tyner, mabesi awiri Art Davis ndi Jimmy Garrison, ng'oma Elvin Jones. Woyang'anira ntchito anali Bob Thiele. Nyimboyo ndi imodzi yokha, yaitali, ndipo anaiimba yonse kawiri. Impulse! inatenga tepi imodzi n'kuitulutsa kumayambiriro kwa 1966. Coltrane anati iye amafuna inayo, ndiye patapita miyezi ingapo kampani inalowetsa tepi ina ija, koma nambala ya mbale sinasinthe. Imene inayamba kufika pamsika ndiyo timaitcha Edition I, ya mphindi pafupifupi 38 ndi theka. Yolowa m'malo ndiyo Edition II, yopitirira pang'ono mphindi 40. Manambala awiriwa akunena za kutuluka kwa mbale, osati kuti ina ndi yopambana inzake.

Poyang'ana ndi maso, musataye nthawi ndi chikuto. Tulutsani mbale, igwireni m'mphepete, muipendeketse pansi pa nyale yowala kwambiri kuti kuwala kubwere cham'mbali. Yang'anani pamalo osalala aja a pakati pa mzere womaliza ndi lebulo, amene osonkhanitsa mbale amawatcha dead wax. Pa mbale zimene zinalowa m'malo pali mawu akuti EDITION II ozokotedwa pamenepo, pafupi ndi nambala ya mbale. Zilembo zake ndi zopyapyala, ndiye mukayang'ana molunjika kuchokera pamwamba simuziona. Zungulitsani mbale pang'onopang'ono mpaka zilembo zitagwira kuwala, ndipo muone mbali zonse ziwiri. Ngati mukugula kutali, pemphani zithunzi za malo amenewa, mbali A ndi mbali B, zojambulidwa mopendeketsa. Wogulitsa amene amaidziwa ntchito yake sadabwa ndi pempho limeneli.

Chenjezo langa ndi ili: kupezeka kwa mawuwo ndi umboni, koma kusapezeka kwake si umboni wokwanira. Mbale za zaka zotsatira, komanso zodindidwa kumayiko ena, zinadulidwa mwatsopano ndi amisiri ena, ndipo iwo analibe chifukwa chozokotanso mawu amenewo. Mbale yopanda mawuwo ikhoza kukhala Edition II ndithu. Ndiye khutu liyenera kumaliza mlandu.

Kumva n'kosavuta mukadziwa ndondomeko ya oimba. Nyimboyi imayenda mosinthanasinthana: onse pamodzi, kenaka m'modzi payekha, onse pamodzi, wina payekha. Anayi oyamba ndi ofanana m'matepi onse awiri, Coltrane, Johnson, Sanders, Hubbard. Kusiyana kumayamba Hubbard akangomaliza, cha m'mphindi ya 18 kapena 19, pafupi ndi pamene mumatembenuza mbale. Mu Edition I wotsatira ndi Shepp, kenaka Tchicai, kenaka Brown. Mu Edition II wotsatira ndi Brown, kenaka Shepp, kenaka Tchicai. Shepp simungamuphonye, mawu ake ndi aakulu, okhakhala, ochokera pansi pa mmero, pomwe alto ya Brown ndi yopyapyala ndi yokwera. Ngati zimenezo zikukuvutani, pitani kumapeto kwa mbali B. Tyner akamaliza, mabesi awiri amatsala okha. Mu Edition I, mabesi akatha Elvin Jones amakhala ndi kagawo kake yekha pa ng'oma, kosakwana mphindi imodzi, gulu lonse lisanabwerere. Mu Edition II kagawo kameneko kulibe. Ichi ndicho chizindikiro chimene ine ndimachidalira kuposa zonse, chifukwa ngakhale munthu amene sadziwa kusiyanitsa alto ndi tenor amazindikira ng'oma zikatsala zokha.

MlondaWaMbale

Achimwene a SinganoYakuthwa afotokoza bwino za matepi. Ine ndiwonjezere za lebulo, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu ambiri amalipira ndalama zochuluka pa chinthu chimene sanachimvetse.

Lebulo ya olenji ndi yakuda inakhalapo kuyambira pamene Impulse! inayamba kutulutsa mbale mu 1961 mpaka cha m'ma 1968. Ndi zaka zambiri zimenezo, ndiye mtundu wokha sukuuzani kanthu. Werengani timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa lebulo. Za m'nyengo imene Ascension inajambulidwa zimati A Product of ABC-Paramount Records, Inc. Mu 1966 kampani yaikuluyo, mwini wa Impulse!, inasintha dzina kukhala ABC Records, ndipo malebulo otsatira anayamba kunena ABC Records popanda Paramount. Ascension inatuluka m'chaka chosinthira chomwecho. Choncho mbale imene akuti ndi Edition I yoyambirira iyenera kukhala ndi ABC-Paramount. Koma musatembenuze mfundoyi n'kuganiza kuti ABC-Paramount iliyonse ndi Edition I. Mafakitale odinda mbale sankataya malebulo osindikizidwa kale, ankawagwiritsa ntchito mpaka atatha, ndiye Edition II ikhoza kuvala lebulo yakaleyo bwinobwino.

Cha m'ma 1968 kunabwera lebulo yakuda yokhala ndi mkombero wofiira m'mphepete. M'zaka za m'ma 1970 inasinthanso kangapo, ndipo mu 1979 MCA inagula ABC Records, mbale zikuyamba kutuluka ndi dzina la MCA. Mbale ya mono ya malebulo otsatirawa musaiyembekezere, chifukwa makampani a ku America anasiya kudinda mono cha m'ma 1968 momwemo.

Tsopano chinthu chimene ine ndimachiika patsogolo pa lebulo ndi chidindo chakuti VAN GELDER, chodindidwa ndi zilembo zazikulu mu dead wax. Kuti mumvetse kufunika kwake, kumbukirani mmene mbale imapangidwira. Mmisiri amatenga tepi n'kudula mizere pa mbale yofewa yotchedwa lacquer. Kuchokera pamenepo amapanga chitsulo choyamba, kuchitsulocho amapanga chachiwiri chimene amachitcha mayi, ndipo kwa mayiyo ndi kumene kumachokera zidindo zimene zimakanikiza pulasitiki yotentha mufakitale. Chidindo chimatha chikadinda mbale zambiri, ndiye amabwerera kwa mayi kukapanga china. Chilichonse chimene mmisiri analemba pa lacquer chimayenda ulendo wonsewu. Mukaona VAN GELDER, ndiye kuti mizere imene singano yanu ikuyendamo inadulidwa ndi munthu yemwe anajambula nyimboyo, tepi idakali yatsopano. Pa mbale zambiri za Impulse! muonanso zilembo ziwiri, LW, za kampani ya Longwear imene inkapanga zitsulozo.

Phindu lake kwa wogula ndi lakuti mbale zambiri za lebulo yakuda ya mkombero wofiira zinadindidwa ndi zitsulo zakale zomwezo, ndipo zili ndi VAN GELDER. Mtengo wake umakhala wotsika kuposa za olenji, koma mizere ndi yochokera ku lacquer imodzi. Kwa munthu amene akufuna kumvera, osati kusunga m'kabati, mbale yotereyi yosamalidwa bwino imaposa ya olenji imene inalimidwa ndi singano yobuntha. Zikasowa chidindocho, ndiye kuti wina anadula mwatsopano, mwina kuchokera ku tepi yokopera, ndipo pamenepo muyenera kumva kaye musanagule.

Chikuto musachikhulupirire kwambiri. Ndi chija chopinda pawiri, chonyezimira, choyera kumaso, msana wa olenji ndi wakuda, mkati muli mawu a A. B. Spellman. Pa zaka zonsezi mbale zimasinthana zikuto m'masitolo ndi m'manyumba. Onani kuti nambala ya pa chikuto ikugwirizana ndi ya pa lebulo, A-95 kapena AS-95, ndipo mukaona kabowo koboola kapena ngodya yodulidwa, dziwani kuti kampani inaigulitsa motchipa ngati katundu wotsalira. Zimenezo zimatsitsa mtengo wa chikuto, koma mawu a mbale sizimawakhudza.

Nachimbale

Funso lachiwiri lija ndilo lovuta, ndipo ndi limene limachititsa anthu kunyoza mbale yabwino kapena kugula yakufa. Sanders amauzira sakisofoni mopitiriza muyezo kuti itulutse mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi, ong'ambika. Shepp amakhakhalitsa. Onse 7 akakumana, khutu losazolowera limati singano yawonongeka. Ndiye musayese mbale pamalo amenewo.

Yesani pa piyano. Gawo la Tyner ndi la mabesi awiri lili chakumapeto kwa mbali B, ndipo malo amenewa ndi abwino poyesera pa zifukwa ziwiri. Zouzira zonse zimakhala zitakhala chete, kotero palibe amene akusasitsa mwadala. Komanso ndi mizere ya mkati, kumene mbale iliyonse imavutikira. Mbale imazungulira pa liwiro limodzi, koma kunja mzere umadutsa pansi pa singano pafupifupi masentimita 50 pa sekondi, pomwe pafupi ndi lebulo amatsika kufika cha m'ma 21. Mawu omwewo amapanikizidwa pamalo aafupi, timakhotakhota ta mzere timathithikana, ndipo singano yobuntha kapena yokhala mokhota imalephera kutitsatira. Mbali iliyonse ya Ascension ili ndi mphindi pafupifupi 20, ndiye mizere imafika mkati ndithu. Piyano ya Van Gelder imamveka yotsekeka pang'ono mwachibadwa, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chimene mukusaka ndi kaphokoso kokhala ngati mchenga kamene kamabwera pamodzi ndi noti iliyonse yomenyedwa mwamphamvu n'kuzimirira nayo limodzi. Kuthetheka kwa apo ndi apo ndi fumbi kapena kukandika. Mchenga wotsatira noti ndi kutha kwa mzere kapena vuto la makina anu.

Kuti mudziwe kuti vuto lili kuti, chitani motere. Tsukani mbale, pukutani singano ndi kaburashi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kenaka yezani kulemera kwa singano ndi kasikelo kake, musadalire manambala a pa chitsulo cholemetsa cha kumbuyo kwa mkono. Katiriji iliyonse, kabokosi kamene kamagwira singano kunsonga kwa mkono, ili ndi muyezo wake. Mwachitsanzo za Audio-Technica za mtundu wa VM95 zimafuna magalamu 1.8 mpaka 2.2, pakati pake 2.0. Seweraninso gawo la piyano. Kenaka onjezani magalamu 0.2, osapitirira malire a wopanga, museweretsenso. Mchenga ukachepa, vuto linali la makina. Ukakhala chimodzimodzi, pamalo omwewo, ngakhale pa galamafoni ina, ndiye kuti mzere unatha ndipo palibe mankhwala.

Anthu ambiri amapepukitsa singano poganiza kuti akuteteza mbale. Ndi kulakwitsa kumene kumawononga kwambiri, makamaka pa nyimbo ngati iyi. Singano yopepuka imadumphadumpha mumzere pamene mawu akwera, n'kumamenya makoma ake, ndipo chilonda chimenecho sichipola.

Mvetserani komanso kuti kusasako kuli mbali iti. Mkono wa galamafoni umakokeka kupita chapakati, zimene zimachepetsa kugwira kwa singano pa khoma lakunja la mzere, lomwe ndi la sipika ya kumanja. Kukasasa kumanja kokha, onjezani pang'ono anti-skate, mphamvu imene imabwezera mkono chakunja. Kukasasa kumanzere kokha, mwaonjeza kwambiri. Katiriji nayo iyenera kukhala molunjika. Pa pepala loyezera la Baerwald, singano iyenera kugwirizana ndi mizere pa mamilimita 66 ndi 120.9 kuchokera pakati. La Stevenson limasunthira malo amkatiwo kufika cha pa 60, ndipo pa mbale zodzaza mpaka mkati ngati iyi ine ndimaona kuti limathandiza.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapulumutsa mbale zina zotopa. Magalamafoni a m'ma 1960 anali ndi singano yozungulira nsonga, yolemera magalamu 5 kapena kuposa, ndipo inkadya khoma la mzere pa msinkhu umodzi. Singano yopyapyala ya mtundu wa microline imagwira khoma pamalo aatali, kuphatikizapo pamene sipanadyeke, ndiye mchenga uja umachepa. Si nthawi zonse, koma kusiyana kwake pa mizere ya mkati kumamveka.

Ngati simungathe kuisewera musanagule, iyang'aneni pa nyale. Mzere wamoyo ndi wakuda wonyezimira. Wotha umaoneka wotuwa ngati wathiridwa phulusa, makamaka pamene gulu lonse likuimba. Onani pa lebulo mozungulira kabowo kapakati: tizikanda tambirimbiri pamenepo tikutanthauza kuti mbale inakwera pa galamafoni kambirimbiri. Ogulitsa ambiri amapereka VG+, giredi yakuti mbale ili bwino kwambiri, poona ndi maso okha, ndipo kutha kwa mzere kumabisala pa mbale yopanda chokandika ngakhale chimodzi.

Mkokomo95

Zikomo kwambiri mayi Nachimbale, njira ya piyano ija ndaimvetsa. Nanga pakati pa A-95 ndi AS-95, iti imene imapirira kuchuluka kwa mawu kumeneku? Ndipo mwati titsuke kaye, titsuke ndi chiyani kuti lebulo isawonongeke?

Nachimbale

Pa chimbale ichi ine ndimasankha stereo mosakayika. Pa gulu la anthu anayi mono imakoma, mawu amabwera ngati nkhonya imodzi. Koma pano muli anthu 11, ndipo chokoma cha Ascension ndi kumva mmene akuyankhizirana mkati mwa mkuntho. Stereo imawamwaza kumanzere ndi kumanja, ndiye khutu limatha kugwira lipenga limodzi n'kulitsatira pamene ena akuwomba. Mu mono onse amaunjikana pakhomo limodzi. Mphamvu imakhalapo yambiri, koma amene akuimva koyamba amangomva chipupa cha phokoso.

Mukakhala ndi ya mono, iseweretseni ngati mono. Dinani batani la mono pa ampulifaya ngati lilipo, kapena phatikizani mbali ziwirizo ndi waya wophatikizira. Pa mbale ya mono nyimbo ili m'kugwedezeka kwa cham'mbali kokha, pomwe phokoso lambiri la fumbi ndi zokandika limabwera ndi kugwedezeka kopita m'mwamba ndi pansi. Mukaphatikiza, gawo lalikulu la phokosolo limafafanizika. Chosemphana nacho ndicho choopsa: musaike AS-95 pansi pa katiriji yakale ya mono imene singano yake siyenda m'mwamba ndi pansi, imapala mizere ulendo umodzi wokha.

Kutsuka: madzi osungunulidwa opanda mchere magawo 4, mowa wa isopropyl gawo 1, ndi kadontho kamodzi ka mankhwala othandiza madzi kulowa m'mizere pa lita imodzi. Madzi a pampopi ayi, amasiya mchere umene umathetheka kuposa fumbi limene mwachotsa. Pakani ndi burashi yofewa motsatira mizere, musiye mphindi 2 kapena 3, muyamwe ndi makina oyamwa, kenaka mutsukuluze ndi madzi oyera okha n'kuyamwanso. Kutsukuluza ndiko anthu amadumpha, ndipo zotsalira zimakamatirira ku singano. Ngati muli ndi makina a ultrasonic, otsuka pogwedeza madzi, mphindi 5 mpaka 10 zakwana, madzi asapitirire madigiri 35, ndipo afike pa mizere yokha. Lebulo ya pepala ikanyowa imatupa ndi kuchita mawanga, ndiye ivundikireni ndi zotchingira zake zomangira pa kabowo. Mowa umenewu ndi wa mbale za pulasitiki zokha, mbale zakale zozungulira maulendo 78 pa mphindi umazisungunula. Ikauma, iikeni mu kathumba katsopano kamkati kokhala ndi pulasitiki yofewa. Kakale kaja kasungeni pambali ngati ndi koyambirira, koma mbale yotsuka isabwereremo.

MlondaWaMbale

Ndigwirizane ndi mayiwa pa stereo, ndiwonjezere za chikuto choyeracho. Chimaonetsa chilichonse, makamaka mkombero umene mbale imasindikiza ikapanikizika pa shelefu. Sungani mbale kunja kwa chikuto, kumbuyo kwake, zonse ziwiri mu thumba limodzi lapulasitiki, zitaimirira, zosathithikana. Pamwamba ponyezimira pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono chabe, ndipo pamene pulasitiki yayamba kusendeka musapakhudze.

A Mkokomo95, musanayambe kusaka Edition I ya mtengo wokwera, imvani kaye matepi onse awiri pa CD. Onse ali pa The Major Works of John Coltrane ya 1992, komanso pa CD imodzi ya Impulse! ya 2000, pamene onse awiri pamodzi akukwana mphindi pafupifupi 79. Kumeneko nyimbo siduka pakati monga imachitira potembenuza mbale. Pitani pa mphindi ya 15 m'tepi iliyonse, mumve Hubbard mpaka amalize, mudikire amene alowe pambuyo pake. Mukachita kawiri kapena katatu, khutu lisunga kusiyana kwa Shepp ndi Brown, ndipo tsiku limene wogulitsa adzakulolani kuika singano pa mbale, mudzafunika mphindi zochepa zokha kumayambiriro ndi kumapeto kwa mbali B.